Liwu la Chingerezi siliyenda lokha

Patha miyezi inayi chiyambireni kukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS. Ndine namwino, ndipo bungwe la anamwino la ku Britain, la NMC, limafuna kuti namwino wofuna kukagwira ntchito kumeneko apeze mlingo wa 7.0 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, pomwe pa kulemba limalandira 6.5. Kulembako ndi kumene kwandisowetsa tulo.

Poyamba ndinachita momwe tinkachitira pokonzekera MSCE, kuloweza basi. Ndinagula kope, n'kumalembamo mawu 20 tsiku lililonse, tanthauzo lake pambali. Mwezi umodzi utatha kope linali ndi mawu 600, ndipo mtima unali m'malo. Kenako ndinayesa kulemba nkhani ya gawo lachiwiri la mayeso a kulemba, ya mawu osachepera 250 m'mphindi 40, pa mutu wa kukwera mtengo kwa zakudya. Ndinaipereka kwa mnzanga wa kuntchito yemwe adalemba kale mayesowa. Iye anazunguliza chiganizo chimodzi ndi cholembera chofiira, pomwe ndinalemba kuti boma liyenera kuchita "eradicate the prices".

"Achemwali," anatero, "mitengo ya zinthu si nthenda ayi. Mukaizula yonse, anthu azigula bwanji?"

M'kope mwanga ndinali nditalemba kuti "eradicate" ndi kuthetsa. Sindinaname, koma ndinangogwira mchira. Liwuli limachokera ku liwu la Chilatini lakuti "radix", lomwe ndi muzu, choncho tanthauzo lake lenileni ndi kuzula chinthu ndi mizu yomwe kuti chisadzaphukenso. N'chifukwa chake limayenda ndi matenda, umphawi kapena katangale. Mu 1980 bungwe la WHO litalengeza kuti nthomba yatheratu padziko lonse, liwu lake linali limeneli. Mitengo ya zinthu ili ndi anzake ena: "reduce", "stabilise", "control".

Usiku umenewo ndinaganizira Chichewa chathu chomwechi. Chimanga timakolola, mbatata timakumba, nkhwani timathyola, nsomba timawedza kapena kuvuula. Mlendo atanena kuti akupita kudimba kukathyola mbatata, tingamumve ndithu, koma tingadziwe kuti chinenerocho sichinamulowe m'magazi. Palibe adatiphunzitsa zimenezi pa bolodi. Tidazitola kwa amayi, liwu lililonse pamodzi ndi mnzake woyenda naye. Chingerezi nachonso chili chimodzimodzi. Mvula yambiri amati "heavy rain", osati "strong rain", chonsecho mphepo ndiye imakhala "strong". Chifukwa chake musachifunefune, ndi mmene eni ake adazolowera. Ochonga IELTS amayang'ana zinthu zinayi pa nkhani yolembedwa, ndipo chimodzi mwa izo ndi kagwiritsidwe ntchito ka mawu. Pa mlingo wa 7 amafuna kuona kuti wolemba wayamba kudziwa mawu oyendera limodzi. Liwu lalikulu loikidwa pamalo olakwika limakuwonongera kuposa liwu wamba lokhala pamalo pake.

Kope lija ndinalisiya. Ndinapeza mndandanda wa Academic Word List, womwe Averil Coxhead wa ku New Zealand adatulutsa mu 2000 atasanthula zolemba zambiri za m'mayunivesite. Uli ndi mabanja a mawu 570. Chinandidabwitsa n'chakuti ambiri si mawu ogometsa ayi: "factor", "approach", "significant", "assume". Ndi mawu amene ndinkawadumpha poganiza kuti ndimawadziwa, koma kuti ndiwaike m'chiganizo changa, dzanja linkauma.

Tsopano ndimadula timakadi kuchokera ku makatoni akale. Kutsogolo ndimalemba chiganizo chathunthu chomwe ndachipeza m'nyuzipepala kapena kuchimva pa wailesi ya BBC, n'kusiya mpata pomwe pali liwulo. Kumbuyo ndimalemba liwulo ndi anzake awiri kapena atatu. Timakadito timakhala m'maenvulopu atatu. Yoyamba ndimaitsegula tsiku lililonse, yachiwiri pakatha masiku atatu, yachitatu kamodzi pa sabata. Ndikakhoza liwulo, kadi imasamukira ku envulopu yotsatira, koma ikandivuta imabwerera ku envulopu yoyamba, ngakhale itafika kale kumapeto. Njirayi ndi ya Sebastian Leitner wa ku Germany, ndipo imatsamira pa zomwe Hermann Ebbinghaus adaonetsa mu 1885, zoti chinthu chongophunzira kumene chimayamba kuiwalika msanga kwambiri munthu akapanda kuchibwereza. Ena amagwiritsa ntchito Anki, pulogalamu ya makadi otere, pa foni. Ine ndimakonda makadi chifukwa safuna kutchaja magetsi akazima, komanso amakwana m'thumba la yunifomu.

Ntchito yanga nayo yandithandiza mosayembekezera. Mawu monga "chronic", "acute" ndi "symptom" ndakhala ndikuwalemba m'mafayilo a odwala kwa zaka zambiri, osadziwa kuti amatuluka m'chipatala n'kukalowa m'nkhani za chuma. Tsiku lina ndinakumana ndi "chronic shortage of teachers" m'ndime yoyeserera, ndipo ndinalimva pompopompo, kusowa kwa aphunzitsi kokhalitsa ngati nthenda ya mgonagona.

Mawu atsopano ndimatenga asanu okha patsiku. Dzulo ndili pa ntchito ya usiku, odwala atagona cha m'ma 3 koloko, ndinatulutsa kadi ya "curb", kutanthauza kuchepetsa kapena kuletsa chinthu kuti chisapitirire muyeso. Kumbuyo kwake kunali "inflation", "spending" ndi "the spread of cholera". Ndinalembanso chiganizo chija cha mitengo ya zakudya pakapepala, ndipo mawa ndikampatsa mnzanga uja kuti achionenso.