Chipinda cha amayi kuseri kwa nyumba

Amayi akubwera kudzakhala nafe kuno ku Chilomoni, ndiye tinaganiza zowamangira chipinda ndi bafa kuseri kwa nyumba. Ndinaitana amisiri atatu.

Woyamba anangoyang'ana malowo manja ali m'thumba, n'kutchula mtengo wotsika kwambiri, koma amafuna theka la ndalama asanakumbe n'komwe maziko. Mtima wanga unakana. Wachiwiri anadulitsa. Achitatu, bambo achikulire ndithu, anatulutsa tepi, anayeza, anagwada n'kufukula dothi ndi chala. Kenaka anati, "Mayi, pano m'potsetsereka, maziko afunika akuya." Papepala lawo analemba ndalama ya ntchito payokha, kenaka matumba a simenti, mabuloko, mchenga, malata mpaka misomali. Apa m'pamene ndinazindikira kuti pamtengo wa woyamba uja panalibe pulasitala ngakhale mapaipi a kubafa.

Tinagwirizana kuti zipangizo ndizigula ndekha, iwo ndiziwalipira m'magawo: akamaliza maziko, khoma likafika palinta, akafolera. Yotsalayo ndidzapereka mvula yoyamba ikagwa, nditaona kuti denga silikudontha. Sanatsutse, ndipo zimenezo zinandilimbitsa mtima. Tinasainirana, achimwene anga ali mboni. Ndalama ndimatumiza pa Mpamba, mauthenga ake sindifufuta.

Dzulo khoma lafika pamawindo.