Phiri loyamba la ski: chifukwa chake tinasiya Chamonix n'kupita ku Alpe d'Huez

Alamu anga akhalitsa ku Manchester, ndipo pa ski, masewera otsetsereka pa sinowo, ndi katakwe. Titagwirizana zopita limodzi ku mapiri a Alps, dzina loyamba kutuluka pakamwa pawo linali Chamonix, tawuni ya ku France. Sindikanawadabwa. Mpikisano woyamba wa Olimpiki wa nyengo yozizira unachitikira kumeneko mu 1924, ndipo tawuniyo ili m'tsinde mwenimweni mwa Mont Blanc, phiri lalitali kuposa onse a ku Alps. Koma ine luso langa lonse linali la pa kamtunda ka m'nyumba, ka sinowo wopangidwa ndi makina, komwe umafika pansi mantha asanakugwire n'komwe.

Mapu a njira za ku Chamonix ndi amene anathetsa nkhani. Malo ake otsetserekapo ndi omwazikana m'chigwa chachitali: Brévent ndi Flégère pamwamba pa tawuni, Grands Montets cha ku Argentière, Le Tour kumtunda kwa chigwa, Les Houches kumunsi. Kuchoka pena kupita pena nthawi zambiri n'kudikira basi, majombo olemera ali kumapazi, ma ski ali paphewa. Komanso chimene chimakokera akatswiri kumeneko ndi matsitso oopsa ndi Vallée Blanche, ulendo wa makilomita pafupifupi 20 pamwamba pa madzi oundana kuchokera pa nsonga ya phiri la Aiguille du Midi, womwe munthu wanzeru sayenda popanda wotsogolera wodziwa pomwe pali ming'alu. Ndinawafunsa kuti, "Nanga alamu, inu mukamakasangalala kumeneko, ine ndizikatani? Kulondera zikwama?" Anaseka, kenako tinayamba kufufuza mwina.

Otsatsa malonda amakonda kutchula makilomita. Malo ena a ski a ku France otchedwa Les Trois Vallées amati ali ndi makilomita 600 a njira. Chiwerengero chotere chimagwira mtima, koma wophunzira samaliza ngakhale kachigawo kakang'ono ka zimenezo. Funso langa linali lina: ndikatuluka pakhomo m'mawa, kodi njira zosavuta zili pomwepo, kapena ziri kuseri kwa phiri? Nanga madzulo miyendo italema, njira yobwerera kogona ndi yamtundu wanji? Funso lachiwirili ambiri amaliiwala. Pali malo otchuka omwe njira zofatsa zili pamwamba, koma zotsikira kumudzi ndi zothina ndi zotsetsereka kwambiri, ndipo umazipeza pa nthawi yomwe aliyense akuthamangira kunyumba.

Ku France njira amazipatsa mitundu inayi. Zobiriwira ndi za oyamba kumene, zabuluu ndi zosavuta, zofiira ndi za ozolowera, zakuda ndi za akatswiri. Ku Austria, Switzerland ndi Italy kawirikawiri zobiriwira kulibe, amayambira pa buluu, ndiye buluu wa kumeneko angakhale chilichonse, kuyambira pa kanjira kofatsa mpaka pa tsitso lokuumitsa pakamwa. Ngakhale mu France momwemo palibe muyeso umodzi. Malo alionse amadziikira okha mitundu, ndipo buluu wa phiri lina akanakhala wofiira pa phiri lina. N'chifukwa chake sindinkangowerenga kuti zobiriwira zilipo zingati, ndinkayang'ana pomwe zagona.

Pa mapu a Alpe d'Huez zobiriwira zinali mulu umodzi, pamwamba penipeni pa mudzi. Phirilo lili ngati mbale ya nsima yopendekeka: pansi pake ndi pofatsa ndi potambalala, ndipo likamakwera ndi pomwe limaimirira. Wophunzira amakhala m'munsi, katswiri amakwera pamwamba, ndipo onse akamatsika amakumana malo amodzi. Kwa anthu awiri osiyana luso ngati ife, zimenezi zinali zofunika kuposa dzina.

Kuchokera ku mzinda wa Grenoble kukafika ku Alpe d'Huez ndi mtunda wopitirira pang'ono makilomita 60. Basi imayenda bwinobwino mpaka ku Bourg d'Oisans, kenako imayamba kukwera makona 21 aja omwe okonda mpikisano wa njinga wa Tour de France amawadziwa pamtima. Kona iliyonse ili ndi chikwangwani cha nambala yake, kuyambira 21 pansi mpaka 1 pamwamba, komanso maina a omwe anapambanapo pa phirilo. Woyamba anali Fausto Coppi mu 1952. Amene amachita nseru m'galimoto akhale kutsogolo ndipo asadye zambiri ku Grenoble. Mudziwo uli pa mamita 1,860, ndipo tsiku loyamba ukakwera masitepe ndi chikwama umadabwa kuti mpweya wathera pati.

Majombo ndi amene anandidyera nthawi kuposa china chilichonse, ndipo sindikudandaula. Mnyamata wa pamalo obwereketsa zida anandiyeza phazi, nandiuza kuti ndiimirire, ndipinde mawondo, ndikankhe msongolo kutsogolo. Zala zimayenera kukhudza pang'ono kutsogolo ukaima chilili, n'kubwerera m'mbuyo ukapinda mawondo, chidendene osanyamuka. Anandivulitsa sokosi yachiwiri yomwe ndinavala poopa kuzizira. Sokosi ikhale imodzi, yaitali, yopanda makwinya, ndipo thalauza lamkati lisalowe mu jombo, chifukwa kakwinya kakang'ono pamsongolo kamasanduka bala pofika masana. Anandifunsanso kulemera kwanga ndi msinkhu, osati mwachipongwe ayi, koma kuti amange zogwirira jombo pa mlingo woti ski izichoka yokha ndikagwa, bondo lisapotoke.

Ndinalembetsa maphunziro a m'mawa ku ESF, sukulu ya ski ya ku France, aphunzitsi ake ovala majekete ofiira aja. Alamu anadzipereka kuti andiphunzitsa okha, koma ndinakana. Wachibale akamakuphunzitsa, pofika masana mwayambana. Mphunzitsi wathu, mayi wachikulire wa nkhope yopsa ndi dzuwa, sankalankhula zambiri. Ankangobwereza zomwezo: manja kutsogolo, kulemera pa ski ya kumunsi, maso komwe ukupita osati kumapazi. Thupi limakana zonsezi. Ukaona tsitso umafuna kukhalira kumbuyo, ndipo ukatero nsonga za ski zimapepuka, n'kuyamba kukutenga komwe zafuna. Ubwino wa mbale ija unaonekera apa. Njira zake n'zotambalala moti ukalephera kukhota pano uli ndi malo oyeseranso patsogolo, ndipo pansi pake pamafatsa pokha mpaka umaima wekha.

Malifiti nawonso ndi phunziro palokha. Pali wa kapeti yoyenda, womwe umangoimapo. Pali wa mpando wolendewera. Ndiye pali wokoka uja, wa ndodo yokhala ndi kambale kumapeto komwe umapana pakati pa miyendo. Aliyense woyamba amafuna kukhalira kambaleko, ndipo aliyense wokhalira amagwa, anthu a pamzere akuonerera. Umangoyenera kuimirira n'kulola kuti ikukoke.

Alpe d'Huez imayang'ana kummwera, ndipo imadzitamandira ndi dzuwa. Dzuwalo lili ndi mtengo wake. Tinapita m'mwezi wa Marichi, ndipo m'mawa sinowo ankakhala wouma gwa, ma ski akulira kwee pokhota, chifukwa zosungunuka za dzulo zaundana usiku. Cha m'ma 11 koloko amafewa bwino, ndipo imeneyo ndi nthawi yokoma kwa wophunzira. Pofika 3 koloko kumunsi kumakhala phala lolemera lounjikana m'timilu, ndipo ambiri ovulala mawondo amavulala nthawi ngati imeneyo, atatopa koma akufuna kutsika komaliza. Ine ndinkavula ma ski msanga. Januwale, chikondwerero cha chaka chatsopano chitatha, amakhala wotchipa ndiponso wa sinowo wabwino, koma wozizira koopsa. Febuluwale ndi tchuthi cha sukulu ku France ndi ku Britain, mitengo imakwera ndipo mizere pa malifiti imatalika.

Chakumapeto kwa ulendo ndinakwera lifiti ya timabokosi tolendewera yotchedwa DMC kudutsa siteshoni yoyamba ya pa mamita 2,100, mpaka yachiwiri ya pa 2,700, kuti ndiyese njira yabuluu yotsika kuchokera kumeneko. Chigawo chake choyamba ndi chothina ndipo chimadzaza anthu. Ndinatsika chammbali, pang'onopang'ono, ana aang'ono ovala zipewa zolimba akundidutsa ali pamzere kumbuyo kwa mphunzitsi wawo. Itatambalala, miyendo inayamba yokha kuchita zomwe mayi uja ankanena.

Pamwamba penipeni, pa Pic Blanc, ndi mamita 3,330, kupitirira Sapitwa wa ku Mulanje yemwe ndi 3,002. Njira zotchuka zotsika kuchokera pamenepo ndi zakuda. Pali Le Tunnel, yomwe imadutsa m'phanga loboola thanthwe n'kutulukira pa tsitso la mabampu, ndi Sarenne ya makilomita 16, yomwe ukailowa palibenso pothawira mpaka kumapeto. Alamu anatsika Sarenne, nabwera akunena kuti chigawo chake chomaliza n'chofatsa kwambiri. Zoona, koma kuti ukafike pofatsapo uyenera kudutsa kaye pamwamba. Ine ndinakwera popanda ma ski, ndinaona mapiri mbali zonse, n'kutsika ndi lifiti yomweyo. Palibe amene anandifunsa chifukwa.

Zamapepala ziyambidwe msanga. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, polowa ku France, ngakhale munthu ali ndi chilolezo chokhala ku Britain, ndipo nyengo yozizira ikayandikira masiku okaonekera ku ofesi amasowa. Inshuwalansi ya ulendo ikhale yotchula masewera a pa sinowo, chifukwa yawamba nthawi zambiri siwaphatikiza, ndipo ku France opulumutsa anthu akakutsitsa pa machira kuchokera panjira, bilu imabwera kwa iwe. Tikiti ya malifiti nayo musathamangire kugula ya phiri lonse. Masiku oyamba funsani ya malo a ophunzira okha, yomwe ndi yotsika mtengo, mudzawonjezere mphunzitsi akakuuzani kuti mwakonzeka kukwera.