Zimene Ndaphunzira pa Mbiri ya Zisankho za Mayi Barbara Jordan ku Texas

Pa maphunziro anga a ndale ndi kayendetsedwe ka maboma tinapatsidwa ntchito yakuti aliyense asankhe phungu mmodzi wa nyumba ya malamulo ya chigawo china cha dziko la America, ndipo alondole ulendo wake wa zisankho kuyambira pamene anayima koyamba kufikira pamene anasiya ndale. Ine ndinasankha Mayi Barbara Jordan a ku Texas chifukwa cha mndandanda wa zotsatira zawo, umene ukaikidwa pa pepala limodzi umadabwitsa ndithu. Anagonja mu 1962, anagonjanso mu 1964, anapambana ndi mavoti ochuluka mu 1966, anadutsa popanda wopikisana nawo mu 1968, ndipo mu 1972 anatenga mavoti oposa 80 pa 100 alionse. Munthu wake anali yemweyo, chipani chinali chomwecho cha Democratic, mzinda unali womwewo wa Houston, choncho funso limene ndinakhala nalo linali lakuti, kodi n'chiyani chinasintha pakati pa 1964 ndi 1966?

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake komanso nyumba yake ya malamulo, yosiyana ndi Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ya ku Washington. Ya ku Texas imakumana mu mzinda wa Austin ndipo ili ndi zipinda ziwiri, cha maseneta 31 ndi cha aphungu 150. Imakumana kamodzi pa zaka ziwiri kwa masiku osapitirira 140, pokhapokha bwanamkubwa akaitanitsa mkumano wapadera, ndipo m'zaka za m'ma 1960 phungu ankalandira madola 4,800 pachaka, ndalama imene sinkalola munthu kusiya ntchito yake ina. Mayi Jordan anabadwa mu 1936 m'dera la Fifth Ward ku Houston, kumene kunkakhala anthu akuda ambiri, ndipo bambo awo anali mlaliki wa mpingo wa Baptist. Anamaliza maphunziro ku Texas Southern University mu 1956, anaphunzira za malamulo ku Boston University mpaka 1959, kenako anabwerera kwawo n'kuyamba ntchito ya uloya m'nyumba ya makolo awo. Ndale anazilowa mu 1960 pothandiza kampeni ya upulezidenti ya John Kennedy ndi womutsatira wake Lyndon Johnson.

Pamene anayima koyamba mu 1962 pofuna mpando wa m'chipinda cha aphungu, aphungu a Harris County, boma limene muli mzinda wa Houston, sankasankhidwa aliyense m'dera lake monga tinazolowera kuno. Boma lonselo linali dera limodzi lalikulu la mipando ingapo, ndipo wovota aliyense ankavotera mpando uliwonse, kutanthauza kuti munthu wofuna kuimira anthu a ku Fifth Ward ankayenera kupempha mavoti kwa anthu oposa miliyoni imodzi a boma lonselo. Anthu akuda anali pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse, motero mavoti awo ankasungunuka ngati kamchere kothiridwa mu mphika waukulu wa pa ukwati. Pa chisankho chachipulula cha chaka chimenecho Mayi Jordan anapeza mavoti pafupifupi 46,000, pamene a Willis Whatley, loya wachizungu, anapeza pafupifupi 65,000. Chiwerengero cha 46,000 sichochepa, ndipo m'dera laling'ono la mpando umodzi chikanakwanira ndi kutsalako, koma m'dongosolo limeneli chinalembedwa kuti kugonja basi. Mu 1964 anayesanso ndipo anagonjanso kwa munthu yemweyo.

Panalinso chotchinga china chimene sichioneka pa mndandanda wa zotsatira. Kuyambira mu 1902, munthu wofuna kuvota ku Texas ankayenera kulipira msonkho wa voti wa pakati pa madola 1.50 ndi 1.75, ndipo ankayenera kuulipira mwezi wa Januware usanathe, miyezi ingapo kampeni isanatenthe n'komwe, kenako n'kusunga lisiti lake bwinobwino kuti akalionetse pa tsiku loponya voti. Mayi wochapa zovala m'nyumba za azungu, amene wangotuluka kumene m'nyengo ya Khirisimasi thumba lili mbee, ankayenera kusankha pakati pa chakudya cha ana ndi kapepala kodzagwira ntchito mwezi wa Meyi. Amene sanalipire salembedwa paliponse m'zotsatira, ngakhale kuti kusakhalapo kwawo n'kumene kunkagamula zisankho zambiri. Ndiponso panali patangodutsa zaka 18 kuchokera pamene anthu akuda analoledwa kuvota pa zipulula za chipani cha Democratic, zimene ku Texas ya nthawi imeneyo ndizo zinali chisankho chenicheni. Ufulu umenewo unabwera mu 1944 pa mlandu wa Smith v. Allwright, umene anasuma ndi a Lonnie Smith, dokotala wa mano wa ku Houston komweko.

Yankho la funso langa ndinalipeza m'zigamulo za makhoti. Mu 1962 khoti lalikulu la Supreme linagamula pa mlandu wa Baker v. Carr kuti makhoti ali ndi mphamvu yomva madandaulo okhudza kagawidwe ka madera a aphungu, ndipo mu 1964, pa mlandu wa Reynolds v. Sims, linalamula kuti madera a zipinda zonse ziwiri za nyumba ya malamulo ya chigawo azikhala ndi anthu ofanana chiwerengero. Ku Texas chigamulochi chinagwetsa lamulo lakale la mu 1876 lakuti boma limodzi lisakhale ndi maseneta oposa mmodzi. Kalembera wa mu 1960 anapeza kuti Harris County inali ndi anthu oposa 1.2 miliyoni mwa anthu pafupifupi 9.6 miliyoni a chigawo chonse, amene ndi 13 pa 100 alionse, komabe inali ndi mpando umodzi wokha mwa mipando 31, pamene maboma a kumidzi a anthu ochepa ankalamulira chipinda chonse. Khoti litalamula mu 1965 pa mlandu wa Kilgarlin v. Martin kuti malire adulidwenso, Harris County inapatsidwa maseneta anayi, aliyense ndi dera lake, ndipo dera latsopano la nambala 11 linaphatikiza Fifth Ward ndi malo ena okhala anthu akuda, anthu ochokera ku Mexico ndi azungu ogwira ntchito m'mafakitale. Kumayambiriro kwa 1966 makhoti anathetsanso msonkho wa voti pa zisankho za chigawo.

M'dera latsopanoli Mayi Jordan anapikisana ndi a Charlie Whitfield, mzungu amene anali kale phungu ndipo anali wa maganizo oyandikana ndi awo, ndipo anawagonjetsa pa chipulula ndi mavoti pafupifupi awiri pa voti imodzi iliyonse ya mnzawoyo. Anakhala mayi wachikuda woyamba kulowa m'chipinda cha maseneta ku Texas, komanso munthu wakuda woyamba kuyambira pamene a Walter Burton anatulukamo mu 1883. Chaka chomwecho a Curtis Graves a ku Houston ndi a Joe Lockridge a ku Dallas analowa m'chipinda cha aphungu, zimene zikusonyeza kuti chitseko sichinatsegukire munthu mmodzi yekha. Sindikufuna kuchepetsa khama la Mayi Jordan, pakuti kampeni ziwiri zimene anagonja ndizo zinawadziwitsa m'matchalitchi, m'mabungwe a anthu apantchito ndi m'makomo a anthu, ndipo malire atasintha iwo ndiwo anali okonzeka kale. Koma luso lawo la mu 1966 linali lomwelo la mu 1964, ndipo wolemba mbiri amene angafotokoze kupambana kwawo ndi mawu akuti kulimbikira okha, wasiya theka la nkhani.

Ngakhale chisankho cha mu 1968 chili ndi chifukwa chake m'malamulo. Ku Texas, malire akadulidwa kumene, maseneta onse amasankhidwa pamodzi, kenako amachita maere kuti theka likhale zaka ziwiri ndipo theka linalo zaka zinayi, n'cholinga chakuti chipinda chisamasinthe chonse nthawi imodzi. Mayi Jordan anagweredwa ndi zaka ziwiri, n'chifukwa chake anabwereranso msanga kwa ovota, ndipo panalibe amene anadzipereka kulimbana nawo.

Gawo limene linanditengera nthawi yaitali ndi la ntchito yawo m'chipindamo, chifukwa anali mkazi mmodzi komanso munthu wakuda yekha pakati pa amuna 30, ambiri mwa iwo osafuna kusintha kulikonse. M'chipinda cha maseneta cha nthawi imeneyo bilu sinkakambidwa pokhapokha magawo awiri mwa atatu a mamembala avomereza, ndiye kuti maseneta 21, ndipo maseneta 11 okha ankatha kuitsekereza. Lamulo limeneli linkapatsa voti ya munthu mmodzi mtengo waukulu, pakuti amene angakhale wa nambala 11 kapena wa nambala 21 aliyense ankamufuna. Mayi Jordan anaphunzira malamulo a kayendetsedwe ka zokambirana mpaka kuwadziwa kuposa anzawo ambiri, sankalankhula pa nkhani iliyonse, ndipo ankacheza ngakhale ndi maseneta amene ankadziwika kuti amakonda tsankho. Pamapeto pa mkumano wa mu 1967 anzawo anawatchula kuti ndiwo anachita bwino koposa mwa maseneta atsopano. A Ben Barnes atakhala wachiwiri kwa bwanamkubwa mu 1969, udindo umene ku Texas umayendetsa chipinda cha maseneta ndi kusankha makomiti, anawapatsa upampando wa komiti yoona za ubale wa olemba ntchito ndi antchito.

Pa mpando umenewu anathandiza kudutsitsa lamulo loyamba la malipiro ochepetsetsa m'mbiri ya Texas, limene linaika madola 1.25 pa ola ndipo linafikira ena mwa antchito amene lamulo la ku Washington linkawasiya kunja. Ndalama imeneyi ndi yomwe antchito a m'minda ya ku Rio Grande Valley, kummwera kwa Texas, ankapempha mu 1966 pamene anayenda wapansi mpaka ku Austin, bwanamkubwa John Connally n'kukumana nawo panjira ku New Braunfels kuti awauze kuti pempho lawo silitheka. Anakwezetsanso chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito. Mu Malichi 1972 anzawo anawasankha kukhala mtsogoleri wogwirizira wa chipindacho, ndipo pa 10 Juni chaka chomwecho, monga mwa mwambo wa kumeneko, anakhala bwanamkubwa wa tsiku limodzi pamene bwanamkubwa ndi wachiwiri wake anali kunja kwa chigawo.

Nkhani ya mu 1971 ndi imene sindinathe kuigamula mosavuta. Kalembera wa mu 1970 anawonjezera mipando ya Texas ku Congress kuchoka pa 23 kufika pa 24, ndipo nthawi imeneyi Mayi Jordan anali wachiwiri kwa wapampando wa komiti yodula malire, kutanthauza kuti munthu amene malire anamutsekereza kawiri tsopano ndiye anagwira cholembera. Dera latsopano la nambala 18 linajambulidwa pakati pa mzinda wa Houston, mmene munali ovota awo ambiri. Koma malire a maseneta, amene pamapeto pake anadulidwa ndi bungwe lapadera chifukwa nyumba ya malamulo inalephera kuwamaliza, anagawa anthu akuda a ku Houston m'madera angapo, moti panalibenso dera limene munthu wakuda akanapambana. A Curtis Graves anawadzudzula poyera kuti anagulitsa mpando wa useneta pofuna wa ku Washington, ndipo anapikisana nawo pa chipulula cha mu 1972, kumene Mayi Jordan anapeza mavoti pafupifupi 80 pa 100 alionse. Ovota anasankha, koma chiwerengero chimenechi sichiyankha dandaulo la a Graves, pakuti chipinda cha maseneta chinakhaladi chopanda munthu wakuda kwa zaka 10, mpaka a Craig Washington atalowamo mu 1983. Kuona kwanga n'kwakuti Mayi Jordan sanali ndi mphamvu yopulumutsa mipando yonse iwiri, komabe anadziwa bwino chimene chinkachitika ndipo anatenga chimene chinali chotheka. Amene akufuna kuwatamanda ayenera kuvomereza mbali imeneyinso.

Powerenga zimenezi ndinakumbukira mmene ambiri a ife tinalandirira ntchito ya bungwe la MEC yowonjezera madera a aphungu kuchoka pa 193 kufika pa 229, amene anagwira ntchito koyamba pa chisankho cha mu 2025. Zokamba zambiri zinali pa ndalama zolipira aphungu owonjezerawo, ndipo ochepa ndiwo anafunsa kuti mzere uliwonse wadutsa pati ndipo wasiya ndani mbali iti.

Pa chisankho chachikulu cha mu Novembala 1972 Mayi Jordan anapeza mavoti 81 pa 100 alionse, ndipo iwo ndi a Andrew Young a ku Georgia anakhala anthu akuda oyamba kuimira zigawo za kummwera ku Congress kuyambira mu 1901. Anapambananso mosavuta mu 1974 ndi mu 1976, kenako anasiya okha mu 1979 n'kukaphunzitsa ku University of Texas ku Austin mpaka imfa yawo mu 1996. Dziko limawakumbukira kwambiri ndi zimene analankhula mu Julaye 1974 pa nkhani yofuna kuchotsa pulezidenti Richard Nixon, koma pa phunziro langa chofunika kwambiri ndi chimene anachita mu 1975. Lamulo loteteza ufulu wovota la mu 1965 linkakakamiza zigawo zina za kummwera kuti zisasinthe malire kapena malamulo a zisankho popanda chilolezo cha ku Washington, koma Texas sinali m'gulu limeneli. Mayi Jordan analimbikira kuti ilowemo ndiponso kuti lamulolo liteteze ovota olankhula Chisipanishi, ngakhale kuti akuluakulu a boma la Texas, a chipani chawo chomwe, ankakana. Kuyambira chaka chimenecho mapu alionse a madera a ku Texas ankayamba aunikidwa asanagwire ntchito, ndipo dongosololi linakhalapo mpaka mu 2013, pamene khoti la Supreme, pa mlandu wa Shelby County v. Holder, linathetsa njira yosankhira zigawo zoyenera kupempha chilolezocho.