Flame lily wanga waphuka, koma ndaona zakuda

Chaka chachitatu chino ndiye flame lily wanga waphuka bwinobwino kuno ku Chelstone mu Lusaka, agulugufe ali piringupiringu pampanda m'mawa uliwonse. Ndisanaiwale, zikani kamtengo pamene mwabzala, muona chifukwa chake.

Duwali ndi lathu lomwe, limamera lokha m'thengo mvula ikagwa, lofiira ndi chikasu ngati malawi a moto, anzathu a ku Zimbabwe mpaka analisankha kukhala duwa la dziko lawo. Njere zimachedwa zaka, ndiye mumabzala muzu wake, uli ngati kachinangwa kopindika ngati V. Ine ndinataya Loweruka lathunthu mu Okutobala, dzuwa lija, minibasi ziwiri kusakasaka mizuyi kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, bambo wina nkundigulitsa itatu K150 atakulungiratu mu pulasitiki, kufika kunyumba ndipeze iwiri ndi yothyoka kunsonga. Kunsongako ndi kumene kuli diso lophukira, likathyoka basi mwagula nkhuni. Ndinabwererako Lolemba, akuti "amayi mwathyola nokha m'basi". Ndalama sanabweze. Masulani pulasitikiyo pamaso pawo!

Wotsalawo ndinaugoneka chogona, masentimita ngati 10 pansi, dothi losakaniza mchenga ndi manyowa chifukwa pamalo podikha madzi umaola. Mvula ya Novembala itagwa unatuluka, masamba ake ali ndi tingowe kunsonga tokwerera, ndiye muikireni waya kapena tinthambi.

Tsopano za mwezi wa Juni. Chomerachi chimauma chonse ngati chafa, pamene muzu ukungogona kudikira mvula, osathirira nkomwe. Alamu anga anabwera kudzacheza, munthu wakhama, anatenga khasu nkulambula "zinyalala" kuseri kwa nyumba, ine pobwera kuntchito ndipeze muzu uli pamtunda woduka pakati. Ndinangoti zikomo alamu, mtima ukuwira. Mwayi wake mbali imodzi diso linalipo, ndinaukwiriranso madzulo omwewo. Zikani kamtengo, mukapake ndi penti kuti ngakhale alendo aone.

Eya, za poizoni ndimaiwala, chomera chonsecho ndi chakupha makamaka muzuwo, ana asauyese mbatata, ndipo mukaugwira sambani m'manja. Repu wanga ali pafupi ndinasiya kumupopera mankhwala, nsabwe ndimangozichotsa ndi madzi a sopo, apo ayi agulugufe omwe ndinavutikira aja athera pomwepo.