Kuthokoza kwa banja lathu ana atachira zilonda zapakhungu

Ine ndi bambo a kunyumba tafuna kuthokoza poyera anthu onse amene anatithandiza pa nthawi imene ana athu awiri anadwala zilonda zapakhungu m'dzinja lapitali. Mwina ena angaone ngati zilonda ndi nkhani yaing'ono, koma kholo limene linaonapo mwana wake akusalidwa ndi anzake chifukwa cha nkhanambo za kumaso, kapena akulephera kugona chifukwa cha kuyabwa, likudziwa mmene mtima umawawira. Lero ana onse awiri ali bwino ndipo anabwerera kusukulu, choncho sitingakhale chete.

Matendawa anayamba ndi wamng'ono, mtsikana wa sitandade 1. Udzudzu unamuluma pafupi ndi mphuno, iye n'kumakandapo, ndipo pamalopo panatuluka timatuza tamadzi timene tinaphulika n'kusiya nkhanambo zachikasu zooneka ngati uchi wouma. Posakhalitsa zinafika pachibwano ndi m'manja, kenako zinalowa kwa mchimwene wake amene ankasamba naye m'beseni limodzi ndi kupukutira thaulo limodzi. Malangizo anabwera ochuluka, ndipo ndikudziwa kuti ambiri anali ochokera pansi pa mtima. Ena anati timasule kapisozi tiwaze ufa wake pazilondapo, ena anatibweretsera mafuta odzola ogulidwa pamsika amene amati amapoletsa chilichonse, ndipo panali ena amene ankanong'ona kuti pali dzanja la munthu. Oyamba kuwathokoza ndi apongozi anga, chifukwa iwo ndiwo anaima nji kunena kuti mwana asapakidwe chilichonse kufikira adokotala atamuona ndi maso awo. Mawu a munthu wamkulu anathetsa mtsutso wonse pakhomo.

Adokotala amene tinawapeza pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu anali ndi mzere wautali panja, komabe sanatithamangitse. Anayang'ana zilonda chimodzichimodzi, anawapima anawo kutentha kwa thupi, anawagwira m'khosi ngati muli mwanabele, kenako anawatambasula zala n'kuyang'ana pakati pake ndi m'mikono pofufuza mphere. Anatifotokozera kuti mphere zikakhalapo n'kusachizidwa, mwana amapitiriza kukanda ndipo zilonda zimabweranso ngakhale mutapaka mankhwala abwino chotani. Mwamwayi mphere panalibe. Anati matendawa amatchedwa impetigo, ndipo amayamba ndi mabakiteriya (tizilombo tosaoneka ndi maso) a mitundu iwiri, Staphylococcus aureus ndi Streptococcus pyogenes, amene anthu ambiri amakhala nawo pakhungu, m'mphuno kapena kukhosi osadwala, koma amalowa mosavuta khungu likang'ambika. Ndiye chifukwa chake matendawa amachuluka pakati pa ana nyengo yotentha ndi yachinyezi, pamene udzudzu uli paliponse.

Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti adokotalawo anatiuza chifukwa chimene anasankhira mankhwala opaka m'malo mwa akumwa kapena jekeseni. Zilonda zinali zowerengeka, zinali pamwamba pa khungu, ndipo ana sankatentha thupi. Zikanakhala kuti zafalikira thupi lonse, kapena khungu lozungulira latupa ndi kufiira, akanatipatsa mankhwala akumwa monga flucloxacillin. M'mabuku akuchipatala a anawo analembamo mafuta opha mabakiteriya otchedwa mupirocin wa 2%, opaka katatu pa tsiku kwa masiku 5, ndipo anatiuza kuti tibwerere msanga ngati zinthu sizikusintha kapena zikuipiraipira. Nditawaonetsa mafuta a pamsika aja, anati mafuta ambiri otere, makamaka oyeretsa khungu, amakhala ndi mankhwala amphamvu monga betamethasone kapena clobetasol. Amenewa amazimitsa kufiira ndi kuyabwa moti kholo limaganiza kuti mwana akuchira, pamene afooketsa chitetezo cha khungu ndipo mabakiteriya akuswana bwino pansi pake. Adokotala, mwina simudzawerenga mawu ano, koma dziwani kuti kufatsa kwanu kunatichotsera mantha.

Tsiku limenelo mankhwalawo kunalibe pachipatalapo, choncho tinapita kukagula kufamase. Mayi amene tinawapeza kumeneko anakana kutulutsa chubu asanaone zimene adokotala analemba m'buku. Ndamvapo anthu akudandaula kuti ogulitsa otere ndi ovuta, koma ine ndikuwathokoza mayi amenewa ndi mtima wonse. Mankhwala opha mabakiteriya sayenera kugulitsidwa mwachisawawa, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, lilipo kuti liziyang'anira zimenezi. Mayiwo anatichenjeza kuti mafutawo asalowe m'maso kapena m'kamwa, kuti mwana aliyense tizimupaka titasamba m'manja mwatsopano, ndiponso kuti mankhwalawa sachiza chipere kapena mphere, chifukwa zimenezo sizibwera ndi mabakiteriya.

Mlamu wanga amene ndi namwino ku Britain ankatiimbira pa WhatsApp pafupifupi madzulo aliwonse, ngakhale ali wotopa ndi ntchito. Iye ndiye anandimvetsetsa chifukwa chimene azaumoyo amaumira ndi timachubu timeneti. Anandiuza za dziko la New Zealand, kumene mupirocin ankagulitsidwa popanda kalata ya dokotala kuyambira mu 1991 mpaka mu 2000. Anthu ankapaka pa kachilonda kalikonse, ndipo mabakiteriya osamva mankhwalawa anachuluka kwambiri moti akuluakulu a zaumoyo anabwezeretsa lamulo lofuna kalata ya dokotala. Nditamva zimenezi ndinaganizira makapisozi amene amagulitsidwa amodziamodzi m'misika mwathu, ndipo ndinachita mantha poganiza kuti tsiku lina mwana wa munthu adzafunadi mankhwala n'kupeza kuti anasiya kugwira ntchito. Alamu, zikomo chifukwa chotikumbukira ngakhale muli kutali.

Kwa anamwino amene anandionetsa kapakidwe kake ndilibe mawu okwanira. Sanangondiuza pakamwa, anachita ndikuona. Ananyika kansalu koyera m'madzi ofunda, anakafinya pang'ono, n'kukaika pankhanambo mpaka zitafewa zokha, ndipo anandiletsa kuzitong'ola ndi chikhadabo. Atapukuta mosisita, anafinya mafuta ochepa kwambiri kunsonga ya chala n'kupaka mopyapyala, kuti khungu lingonyezimira chabe. Anati kupaka mochuluka sikufulumizitsa kuchira. Mwana wanga, amene ankalira aliyense akafuna kumugwira kumaso, anakhala phee chifukwa anamwinowo ankamufunsa dzina la aphunzitsi ake uku akugwira ntchito yawo. Anandiuzanso kuti ndiwenge zikhadabo za ana onse, aliyense akhale ndi thaulo lake, ndipo zofunda ndi zovala zichapidwe ndi madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa, zisitidwe. Chachikulu chimene anabwereza chinali chakuti tisasiyire panjira zilonda zikayamba kuuma, ndiponso tisapitirire masiku amene adokotala analemba.

Kupaka katatu pa tsiku kumamveka kosavuta kwa munthu amene amakhala pakhomo, koma ine ndi bambo awo timachoka m'mamawa n'kubwerera dzuwa litalowa. Achemwali anga anasiya geni yawo masana aliwonse kuti adzapake ana pa nthawi yake, ndipo sanadandaulepo za makasitomala amene anawataya. Agogo a anawa anatenga ntchito yochapa, kutenthetsa madzi pambaula ndi kusita, ngakhale msana umawavuta. Bambo a kunyumba ndiwo ankagona pafupi ndi wamng'onoyo n'kumamugwira manja usiku akayamba kukanda ali m'tulo. Inu nonse, Mulungu abwezere pamene munachotsapo.

Ndikuthokozanso aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi a kalasi ya mwana wathu. Popeza matendawa amapatsirana pogwirana, ana anayenera kukhala kaye kunyumba, ndipo malangizo a azaumoyo ndi akuti mwana abwerere patatha maola 48 chiyambireni mankhwala kapena zilonda zikauma. Aphunzitsi anamvetsa, ankatumiza ntchito ya m'kalasi kudzera mwa mwana wa pafupi nafe, ndipo pa tsiku lobwerera anauza kalasi yonse kuti mnzawo anadwala matenda wamba amene angagwire aliyense ndipo tsopano sangapatsirenso munthu. Anakhazikitsanso chidebe cha madzi ndi sopo pakhomo la kalasi. Mwana amene ankaopa kusekedwa anabwera kunyumba akusimba za masewera.

Alangizi a zaumoyo a m'dera lathu anabwera kudzationa zilonda zitapola kale, ndipo anatiuza chinthu chimene ndikufuna makolo anzanga achimve. Nthawi zina mabakiteriya a Streptococcus amachititsa kuti impso za mwana zitupe patapita masabata angapo, ngakhale khungu litachira. Zizindikiro zake ndi kutupa kumaso makamaka m'mawa, kutupa miyendo, kukodza pang'ono, ndi mkodzo wofiirira kapena woderapo kwambiri. Mwana akaonetsa zimenezi ayenera kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ife tinayang'anitsitsa nthawi yonse imene anatiuza, ndipo tikuyamika Mulungu kuti palibe chimene chinaoneka.

Ndisaiwale mayi oyandikana nafe nyumba amene anabwera kudzapempha mafuta otsala kuti akapake mwana wawo amene anali ndi chigamba m'mutu. Kukaniza mnansi ndi chinthu chovuta kwathu kuno, koma ndinawafotokozera zimene ndinauzidwa, ndipo m'malo mokwiya analola kuti ndiwaperekeze kuchipatala. Kumeneko anapeza kuti chinali chipere ndipo anapatsidwa mankhwala ena akumwa. Amayi, zikomo chifukwa chondimvetsa ndi kusunga ubale wathu.

Pankhope pa mtsikana wathu patsala timadontho takuda pamene panali zilonda, ndipo adokotala anatitsimikizira kuti tidzazimirira tokha pakapita miyezi, popanda kupakapo mafuta oyeretsa khungu. Kwa amayi a kumpingo kwathu amene ankabwera kudzapemphera nafe, kwa anzanga a kuntchito amene anandisinthira nthawi kuti ndipite kuchipatala, ndi kwa aliyense amene anatiimbira foni kufunsa za ana, banja lathu likuti zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.