Tsiku lomwe masamu anandikana pamaso pa aphunzitsi 41

Abale inu, pali manyazi ena oti ukawakumbukira usiku umadzifunda bulangete kumutu ngakhale uli wekha m'chipinda. Anga ndinakawatola ku msonkhano wa aphunzitsi a masamu a m'chigawo chathu, komwe aliyense anapatsidwa mphindi 20 zoti aonetse anzake kanjira komwe kamamuyendera m'kalasi. Wina anabwera ndi chingwe cha mfundo chopangira thirayango ya 3, 4, 5, wina anakamba nkhani ija ya katswiri wa masamu Gauss ali mwana kuphatikiza 1 mpaka 100 n'kupeza 5050, zabwino ndithu koma zakalekale, ine ndili kumbuyo ndapinda manja mumtima ndikuti dikirani muone.

Yanga inali ya masiku obadwa. Funso lake ndi loti pakhale anthu angati m'chipinda kuti mwayi woti awiri ali ndi tsiku ndi mwezi wobadwa wofanana upose theka. Ana a m'kalasi mwanga amathamangira 183 poti ndi pakati pa masiku 365 a pachaka, ndiye ndikawauza kuti 23 okha amakuwa kuti aphunzitsi mukutinamiza. Chomwe amaphonya n'choti sitikusaka wofanana ndi iweyo ayi, tikusaka awiri alionse, ndipo anthu 23 ukamawaika awiriawiri umapeza mapeya 253. Powerengera umayamba ndi mwayi woti onse ndi osiyana, 364/365 kuchulukitsa ndi 363/365, kumatsika choncho mpaka munthu womaliza, zomwe wapezazo uchotse pa 1, pamatsala 50.7 peresenti. M'kalasi mwanga sizinandikanepo, chaka chilichonse awiri amapezeka n'kuyamba kukumbatirana, ineyo ndimatuluka ngati wamatsenga.

Itakwana nthawi yanga ndinawerenga mitu, anthu 41. Pa 41 mapeya amafika 820 ndipo mwayi umakwera kufika cha pa 90 peresenti, ndiye matama anandikwera. Pakamwa paja panangotseguka pokha, ndinatulutsa kalikuleta yanga yomwe ndakhala nayo kuyambira ku koleji n'kuiika patebulo, ndikuti akapanda kupezeka awiri muno, a wapampando mutenge imeneyi ikhale yanu. Palibe anandifunsa zimenezo. Ndinadziputa ndekha.

Tinayamba mzere wakutsogolo, aliyense kutchula tsiku lake ine ndikulemba pabolodi, ndikumwetulira ngati munthu wodziwa mathero a filimu. Anthu 10 adutsa, palibe vuto. Anthu 20, ndikusekabe koma mano okha. Titafika pa 23 wina kumbuyo anakuwa kuti aphunzitsi theka lija ladutsatu, holo yonse gwa kuseka. Kenako amayi ena anati 29 Febuluwale, ine choko chinaima m'mwamba chifukwa masamu anga onse aja anamangidwa pa masiku 365, tsiku lawolo mulibemo, ndinangolemba pakona ngati mlendo wobwera osaitanidwa.

Pofika pa 30 thukuta linali likuyenderera kumsana. Ndiye panapezeka 14 Ogasiti ndi 15 Ogasiti, ndipo ndivomere poyera kuti ndinawafunsa bambo a pa 15 aja ngati sanabadwe chapakati pa usiku, mwina wotchi ya kuchipatala inkathamanga. Mphunzitsi wa masamu, kupempha munthu kuti asunthe tsiku lake lobadwa kuti ansala ituluke! Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti achimwene, ine ndinabadwa masana dzuwa likuswa mtengo. Wina akuti akanadziwa akanabwera ndi mapasa ake kuti andipulumutse.

Womaliza anali abambo achikulire, tsitsi lonse mbuu, oti anayamba kuphunzitsa ine ndisanabadwe. Anaimirira pang'onopang'ono, kuvula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, holo yonse zii, n'kuti 3 Juni. Ine kuponya maso pabolodi ndikuona 3 ndi Ju, ndinadumpha ngati ndagoletsa chigoli, kukuwa kuti eyaa masamu sanama, mpaka kuthamanga kukawagwira chanza. Ndiye kamawu kamayi wina kuchokera pakati, pepani aphunzitsi, yangayo ndi 3 Julayi, mwangolemba mothamanga. Ndinabwerera kubolodi ndikuyenda ngati nkhuku yonyowa.

Achikulire aja ndi amene anandikwirira. Anati mwana wanga usadandaule, iwe unati mwayi ndi 90 peresenti, ndiye kuti pa zipinda 10 zotere chimodzi chimakana, ife ndife chimodzicho. Anthu anaomba m'manja, kaya amaombera iwowo kaya tsoka langa. Ndipotu amanena zoona, n'zomwe zinandiwawa kwambiri, zaka zonsezi ndimauza ana kuti 90 si 100 koma mtima wanga unali usanamve phunzirolo. A wapampando sanachite manyazi, anatenga kalikuleta ija n'kuilowetsa m'thumba la jekete, kuisisita kawiri.

Nthawi yopuma ndinakakhala pakona ndikunamizira kuyankha mauthenga pafoni yomwe inali itazima kale. Kunabwera kamtsikana kena kongotuluka kumene ku koleji, katajambula bolodi lonse, n'kundifunsa mwaulemu kuti aphunzitsi, nanga inuyo munabadwa liti? Ndinati 9 Novembala. Kanakulitsa chithunzi ndi zala n'kundilozera pamwamba penipeni, tsiku loyamba kulembedwa, 9 Novembala, dzanja langa lomwe, choko changa chomwe. Ndinalemba tsiku langa lobadwa ndili otanganidwa ndi kumwetulira, osalizindikira, ndipo powerenga mitu ija wanga ndinauiwala. Mwini tsikulo anali a wapampando.

Ndinawathamangira ndili wefuwefu kuwaonetsa chithunzicho, ndikuti bwana taonani ife tomwe ndife awiriwo, masamu aja anatheka, ndibwezereni kalikuleta. Iwo anayang'ana, anagwedeza mutu, anatulutsa kalikuleta yangayo n'kudinadina, kenako n'kuti mnzanga wobadwa naye tsiku limodzi, pabolodi paja munalemba nokha kuti anthu 41, inu ndi wa 42, limenelo ndi funso lina. Anaibwezera m'thumba n'kundiuza kuti pa 9 Novembala ndisaiwale kuwaimbira foni.