Bambo ndi mwana wamkazi pokonza galimoto yakale ya MGB: yambirani pansi

MGB yadenga lopinda, yomwe inkapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, ilibe chasisi yapadera. Mphamvu yake ili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, ndipo dzimbiri limakonda momwemo. Za penti ziyambe zadikira kaye.

Musanadule chitsulo chowola, wotchererani mipiringidzo yopingasa pakhomo lililonse. Mukapanda kutero galimoto imapindika pakati, zitseko n'kukana kutsekeka. Malizani mbali imodzi musanakhudze inayo.

Bambo asamangopatsa mwana ntchito yogwira tochi ayi. Mpatseni ntchito yoyeza mpata wa mavalavu a mu injini: injini itazizira, mpata wake ukhale mainchesi 0.015. Iye azilowetsa kachitsulo koyezera, bambo akutembenuza injini. Kazilowa mogwiragwira pang'ono, osati mwamyaa. Mpata ukachepa valavu imapsa, ukakula injini imangoti tetete.

Chenjerani ndi batire. Pa ma MGB oyambirira, mpaka cha m'ma 1967, waya wa positive ndiye amapita ku bodi. Mukalumikiza wailesi yamakono osayang'ana, yapsa basi.

Mabawuti a gawo lililonse azilowa m'kathumba kawokawo kolembedwa dzina, ndipo jambulani musanamasule.